Masamu a tizinthu tokokana patali: yankho kwa mphunzitsi wa ku Namwera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wa masamu wa pasukulu ina ya sekondale kumtunda kwa Namwera, ndipo ndinaiwerenga katatu ndisanayambe kuyankha. Achemwaliwa akufuna kukachita maphunziro apamwamba pa masamu a ma superconductor, zitsulo zija zimene zikazizira kwambiri magetsi amadutsamo popanda chowatchinga, koma pali zinthu ziwiri zimene zikuwasowetsa tulo. Choyamba, buku limene akuwerenga likuti ma elekitironi, tizinthu tating'onoting'ono timene timanyamula magetsi m'chitsulo, amakankhana ngakhale atatalikirana, kenako patsamba lotsatira wolembayo akutaya kukankhanako n'kuikapo kukokana kofika paliponse mofanana, ndiye iwo akufunsa ngati kumeneku si kubera. Chachiwiri, amalume awo anawauza kuti munthu wokhala kutali ndi ma labu oziziritsira zitsulo akamaphunzira zimenezi akungotungira madzi m'dengu.

Achemwali, funso lachiwirili ndi limene landilasa, choncho mundikhululukire ngati nditalikitse njira ndisanafike pa loyamba lija. Ine ndinakulira m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, bambo anga anali msodzi wa chilimira, ndipo mawu a amalume anuwo ndinawamva ndi makutu angawa kuchokera kwa munthu wovala tayi amene anakhala kuseri kwa tebulo tsiku limene ndinkapempha thandizo la ndalama zokaphunzirira kunja. Atawerenga mutu wa zimene ndinkafuna kukafufuza, anavula magalasi n'kundifunsa ngati tizinthu tosaoneka timeneto tidzatsitsa mtengo wa feteleza. Anzake anaseka, inenso ndinaseka nawo chifukwa cha ulemu, koma thandizolo sindinalipeze. Ndinabwerera kumudzi n'kumakathandiza amayi kuyanika usipa pathandala, ndipo madzulo ndinkawerenga mapepala amene mnzanga wina ananditumizira, mpaka mafuta atatha m'nyali.

Mwayi unadzapezeka kudzera njira ina patapita zaka ziwiri, ndipo manyazi enieni ndinakawaonera kumeneko, osati pamaso pa munthu wa tayi uja. Tsiku lina ndinaimirira pabolodi kuti ndionetse momwe ndinawerengera energy ya gulu lalikulu la tizinthu tokokana. Ndinachita monga momwe mabuku onse amene ndinaphunzira anandizoloweretsera: ndinalidula gululo pakati, ndinawerengera theka lililonse palokha, kenako ndinaphatikiza mayankho awiriwo. Pulofesa wina wachikulire, amene nthawi yonseyi ankaoneka ngati akuodzera, anakweza dzanja n'kufunsa mofatsa kuti energy ya pakati pa zigawo ziwirizo ndaisiya kuti. Ndinayankha mwachangu kuti ndi yochepa chifukwa imangokhala pamalire. Iye anafunsanso kuti kodi mphamvu yokokana imene ndinalemba ndekha pamwamba pa bolodiyo imazilala mofulumira bwanji tizinthuto tikamatalikirana. Ndinayang'ana zimene ndinalembazo, choko chili m'manja, ndipo ndinaona kuti ntchito ya miyezi itatu yagwa ndi funso limodzi. Usiku umenewo sindinadye.

Cholakwa changacho ndi chimene chili pakati penipeni pa funso lanu, ndiye tiyeni tichione ndi chitsanzo cha kumunda. Tiyerekeze munda wa chimanga wa mizere 100, mzere uliwonse uli ndi mapando 100, kutanthauza kuti mapando onse ndi 10,000. Ngati phando lililonse limangolimbirana madzi ndi mapando oyandikana nalo, maubale onse a m'mundamo ndi 19,800, ndipo mukaudula mundawo pakati mwangodula maubale 100 okha, a pamalirepo. Munda ukamakula, gawo la pamalire limacheperachepera poyerekeza ndi lonselo, n'chifukwa chake tili ndi ufulu wowerengera theka lililonse palokha n'kuphatikiza. Koma ngati phando lililonse limakhudzana ndi lina lililonse m'mundamo, mpeni wanu wadula maubale 5,000 kuchulukitsa ndi 5,000, omwe ndi 25,000,000, ndipo amenewa ndi theka la maubale onse. Zimene ine ndinazitaya pabolodi paja poti n'zapamalire zinali theka la nkhani yonse.

Akatswiri ali ndi muyezo wodziwira mbali imene chinthu chili. Energy ya tizinthu tiwiri ikamazilala ngati 1 kugawa ndi mtunda wokwezedwa pa pawa inayake, timayerekeza pawa imeneyo ndi chiwerengero cha mbali zimene malowo atambalalira, chomwe ndi 1 pamzere, 2 pabwalo, ndi 3 m'dziko lathu lino. Pawayo ikaposa chiwerengerocho, zopereka za tizinthu takutali zikaphatikizidwa zimafika pa nambala yokhazikika, ndipo masamu amayenda bwino. Ikachepa, zoperekazo zimangokulirakulira gulu likamakula. Kukokana kofooka kwa pakati pa maatomu, kumene timati van der Waals, kumazilala ngati 1/r⁶, pamene r ndi mtunda, ndiye sikuvutitsa. Kukokana kwa timaginito tiwiri kumazilala ngati 1/r³, pamalire penipeni. Koma energy ya Coulomb ya ma chaji awiri amagetsi imazilala ngati 1/r basi, chimodzimodzi ndi mphamvu yokoka ya dziko ndi nyenyezi, ndipo 1 ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi 3.

Munthu akamvetsa zimenezi ayenera kuchita mantha pang'ono, chifukwa funso limabwera lakuti nanga bwanji malita awiri a madzi ali ndi energy yowirikiza kawiri ya lita imodzi, pamene m'madzimo muli ma chaji osawerengeka okokana ndi kukankhana mwa lamulo la Coulomb lomweli. Funsoli limaoneka ngati lachibwana, koma linatenga zaka zambiri kuti liyankhidwe ndi umboni wa masamu. Freeman Dyson ndi Andrew Lenard ndi amene anatsimikiza mu 1967 kuti zinthu sizingakomokere mkati, ndipo umboni wawo unadalira lamulo la Pauli loti ma elekitironi awiri sangakhale mu mkhalidwe umodzi wofanana ndendende. Elliott Lieb ndi Joel Lebowitz anaonetsa mu 1972 kuti ngati ma chaji a pozitivi ndi a negetivi ali ofanana kuchuluka, energy imakula molingana ndi kukula kwa chinthucho, ndipo mu 1975 Lieb ndi Walter Thirring anapeza njira yachidule yotsimikizira zimene Dyson ndi Lenard anavutika nazo zija. Chinsinsi chake n'chakuti chaji ili ndi mitundu iwiri. Elekitironi iliyonse m'chitsulo imathamangitsa anzake pafupi nayo n'kutsala yozingidwa ndi chaji ya pozitivi ya maatomu, moti amene ali patali amaona ngati palibe kanthu, ndipo kubisana kumeneku kumachitika pamtunda wosaposa kukula kwa atomu imodzi. Mphamvu yokoka ya nyenyezi ilibe mnzake woibisa, n'chifukwa chake gulu la nyenyezi likataya energy limatentha m'malo mozizira, chinthu chimene sichingachitike ndi mphika wa madzi.

Ndiye theka loyamba la yankho lanu ndi limeneli: wolemba buku lanuyo sanataye mphamvu ya Coulomb mwachisawawa, chitsulocho ndi chimene chinaibisa. Koma sichinaibise yonse, ndipo ndibwererako.

Mbiri ya ma superconductor ndiidutsa msanga poti muli nayo kale. Heike Kamerlingh Onnes ku Leiden anasandutsa mpweya wa helium kukhala madzi ozizira kwambiri mu 1908, ndipo mu 1911 anaona mercury itasiya kutchinga magetsi pa madigiri 4.2 a Kelvin, komwe ndi pafupifupi madigiri 269 pansi pa ziro pa sikelo ya Celsius. Mu 1933 Walther Meissner ndi Robert Ochsenfeld anapeza kuti chitsulo chotere chimatulutsa kunja mphamvu ya maginito imene inali mkati mwake. Kufotokozera kwenikweni kunabwera mu 1957 kuchokera kwa John Bardeen, Leon Cooper ndi Robert Schrieffer a ku yunivesite ya Illinois, ndipo n'chifukwa chake timati BCS. Papita zaka 46 pakati pa kuona ndi kumvetsa, ndipo anthu amene anayesa n'kulephera m'zaka zimenezo sanali achibwana. Chimene chinkawagwetsa ndi kuchepa kwa chinthu chimene ankafunafuna. Mu aluminium, energy ya ma elekitironi othamanga kwambiri ndi pafupifupi 11.7 eV (eV ndi muyezo wa energy ya tizinthu tating'onoting'ono), pamene gap ya superconductor, kutanthauza mpata wa energy umene umateteza mkhalidwewu, ndi yosafika 0.0002 eV. Kuli ngati kufuna kudziwa kulemera kwa usipa umodzi poyeza bwato lonse lodzaza, kenako n'kuliyezanso usipawo utachotsedwa, pa sikelo ya chimanga. Palibe amene angawerengere energy yonse molondola chotero. Luso la BCS linali kuzindikira kagawo kamodzi ka kukokana kamene kamasiyanitsa mikhalidwe iwiriyo, n'kusiya zina zonse poti zili chimodzimodzi mbali zonse ziwiri.

Kukokanako kumachokera kuti, poti ma elekitironi onse ndi a negetivi? Amene anayendapo pa kabaza m'misewu ya mchenga ya ku Makanjira amvetsa msanga. Njinga yoyamba ikadutsa imasiya kanjira mumchenga, ndipo njinga yachiwiri ikafika pamenepo gudumu lake limagwera m'kanjirako, ngakhale woyamba uja ali kale kutali ndipo awiriwo sanaonane n'komwe. Elekitironi ndi yopepuka ndiponso yaliwiro, pamene maatomu a chitsulo ndi olemera ndi ochedwa. Ikadutsa, maatomu amaweramira kumene yadutsako mochedwa, n'kusiya mzere wa chaji ya pozitivi umene umakoka elekitironi ina pamene yoyamba ija yapita kale, moti kukankhana kwa Coulomb sikuwapezanso ali limodzi. Umboni wake unaoneka mu 1950, pamene anapeza kuti mercury ya maatomu olemererapo imafuna kuzizira kwambiriko kuti isanduke superconductor, ndipo Herbert Fröhlich chaka chomwecho anali atanena kuti kugwedezeka kwa maatomu kuli ndi mbali pa nkhaniyi. Mu 1956 Cooper anaonetsa kuti kukokana kulikonse, kaya kuchepe bwanji, kumamanga ma elekitironi awiriawiri, bola akhale pamwamba pa nyanja ya anzawo amene adzaza kale malo a pansi.

Tsopano tafika pamene inu mwati pali kubera. Mu model, kutanthauza chifanizo cha masamu, yachidule ya BCS, awiri alionse amatha kusinthana malo ndi awiri ena alionse ndi mphamvu yofanana, ndipo mphamvuyo imagawidwa ndi kukula kwa chitsulo chonse. Kugawaku ndi mankhwala a matenda amene anandigwetsa pabolodi aja: anthu 10 ali ndi maubale 45, anthu 100 ali ndi 4,950, anthu 1,000 ali ndi 499,500, ndiye kuti energy ikule molingana ndi chiwerengero cha anthu, ubale uliwonse uyenera kufooketsedwa molingana ndi kuchuluka kwawo. Njira imeneyi imadziwika ndi dzina la Mark Kac. Chodabwitsa, chimene ine chinanditengera zaka kuti ndichikhulupirire, n'chakuti kukokana kukafika paliponse mofanana masamu amaphweka m'malo molimba.

Ndinachimvetsa bwino nditabwerera kuno, m'mawa wina ndili padoko pamene mabwato a kauni ankakocheza. Wogulitsa usipa aliyense sakambirana ndi wogulitsa mnzake aliyense payekhapayekha. Amangomva mtengo wa ndowa umene uli padoko tsiku limenelo n'kusankha kugulitsa kapena kukayanika. Koma mtengowo palibe amene waulamula, wapangidwa ndi zosankha za onse pamodzi, ndipo munthu mmodzi akasintha maganizo sugwedezeka. Aliyense akumvera chinthu chimodzi chimene onse akuchipanga. Imeneyi ndiye mean field, ndipo gap equation ya BCS ikungonena zomwezi: ganizirani mtengo, onani zimene awiri alionse angachite pamtengo umenewo, phatikizani zochita zawozo, ndipo mtengo umene watuluka uyenera kufanana ndi umene munayamba nawo. Vuto la tizinthu tosawerengeka lasanduka vuto la kanthu kamodzi ndi nambala imodzi yosadziwika.

Pa model yachidule imeneyi, mean field si kungoyerekeza. Nikolai Bogoliubov ndi anzake ku Soviet Union anaonetsa kuti chitsulo chikamakula mopanda malire yankho la BCS limakhala lenileni, ndipo Rudolf Haag mu 1962 anafotokoza chifukwa chake ndi masamu a ma operator, zida zimene quantum, sayansi ya tizinthu tating'onoting'ono, imagwiritsa ntchito m'malo mwa manambala wamba: avareji ya ma operator ambirimbiri imasiya khalidwe la quantum n'kukhala ngati nambala wamba. M'zaka zaposachedwa Jean-Bernard Bru ndi Walter de Siqueira Pedra anakulitsa ntchitoyi mpaka ku ma model amene ali ndi kukokana ndi kukankhana kofika patali zonse pamodzi, ndipo anapeza kuti mkhalidwe wokhazikika uli ngati mathero a masewero a anthu awiri, monga bawo, pomwe kupindula kwa wina ndi kuluza kwa mnzake: mbali yokoka ikukankhira nambala ina mmwamba, mbali yokankha ikuikokera pansi. Nanga m'chitsulo chenicheni, chomwe si model, bwanji njirayi imagwirabe ntchito? Chifukwa awiri a Cooper ndi otambalala modabwitsa. Mu aluminium amatalikirana pafupifupi ma nanomita 1,600 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a mita), pamene maatomu oyandikana atalikirana ndi ma nanomita osafika 0.3, moti pakati pa awiriwo pali awiri ena osawerengeka olowanalowana. Doko lake ndi lalikulu, ogulitsa ndi ochuluka, mtengo sugwedezeka.

Choncho sindikuti wolemba buku lanuyo anabera. Ndikuti anatenga ngongole, ndipo tchimo la mabuku ambiri ndi kusamuuza wophunzira kuti pali ngongole. Pa mfundo iyi sindigonja, chifukwa ndaona ophunzira anzeru akudziyesa opusa pamene iwo ndi amene anaona dzenje limene wolemba analiphimba ndi mphasa. Ngongoleyo inabwezedwa pang'onopang'ono. Kachidutswa ka Coulomb kamene kanatsala pafupi kanawerengedwa ndi Pierre Morel ndi Philip Anderson mu 1962, ndipo m'zitsulo zambiri kamatuluka ngati nambala ya pakati pa 0.1 ndi 0.15 imene imachotsedwa pa mphamvu ya kukokana. Mchira wake wofika patali unabwereranso pakhomo lina: Anderson anaonetsa mu 1958 kuti mafunde amene model yachidule imati angadzutsidwe ndi energy yochepetsetsa, mphamvu ya Coulomb imawakankhira mmwamba mpaka pa energy ya plasma, kutanthauza kugwedezeka kwa ma elekitironi onse pamodzi. Mu 1963 iye anazindikira kuti zimenezi zikufotokoza momwe kanthu kopanda kulemera kangapezere kulemera, ndipo mu 1964 Peter Higgs ndi ena anatengera ganizoli ku sayansi ya tizinthu tating'onoting'ono kwambiri. Higgs boson, kanthu kamene ganizoli linalosera, imene anaipeza ku labu ya CERN pafupi ndi Geneva mu 2012, ili ndi msuweni wake m'kachidutswa ka chitsulo kozizira, ndipo anaipeza pogwiritsa ntchito maginito a superconductor 1,232 ozizidwa kufika pa madigiri 1.9 a Kelvin m'ngalande yozungulira ya makilomita 27. Ngakhale kutulutsa maginito kwa Meissner kuja sikungatuluke mu model yachidule payokha popanda kubwezeramo malamulo a Maxwell a magetsi ndi maginito, chifukwa magetsi oyenda mbali ina ya chitsulo amamvana ndi oyenda mbali ina kudzera m'maginito, ndipo kumvana kumeneku nakonso n'kofika patali.

Kumene kuli ntchito yeniyeni lero, mwa kuona kwanga, ndi pakati. Kukhudzana kwa oyandikana okha tili nako ndi zida zake, kukhudzana kwa onse mofanana tili nako ndi mean field, koma kukhudzana kozilala pang'onopang'ono kulibe mwini. Ernst Ising anaonetsa mu 1925 kuti timaginito toikidwa pamzere umodzi, tikamamvana ndi oyandikana okha, sitingaloze mbali imodzi tonse pakakhala kutentha ngakhale pang'ono. Dyson mu 1969 anatsimikiza kuti kumvanako kukamazilala ndi pawa ya pakati pa 1 ndi 2, mzere womwewo umatha kugwirizana, ndipo funso la pawa ya 2 yeniyeni linadikira mpaka 1982 pamene Jürg Fröhlich ndi Thomas Spencer analimasula. Palinso nkhani ya liwiro la uthenga. Lieb ndi Derek Robinson anatsimikiza mu 1972 kuti m'gulu la quantum la oyandikana okha, mukagwedeza kanthu kamodzi, nkhaniyo imayenda ndi liwiro lokhala ndi malire, monga uthenga wa maliro unkayendera kale, mudzi uwu kuuza mudzi uwo. Kukhudzana kukafika patali zili ngati m'midzimo mwalowa mafoni, ndipo malirewo amapindika kapena kusweka. Mu 2014 magulu awiri, lina ku Maryland lina ku Innsbruck, anaona zimenezi ndi ma ion, maatomu okhala ndi chaji, ochepera 20 ogwidwa pamzere ndi kuwombedwa ndi kuwala kwa laser, kumene pawa ija amatha kuisintha monga munthu asinthira siteshoni pa wailesi. Amene akumanga makompyuta a quantum amafuna kudziwa malire amenewa, ndipo ambiri mwa mayankho ake ndi ma theorem, osati zoyeza.

Za amalume

Amalume anu akutsata mwambi uja woti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo sindikuwanyoza, chifukwa ntchito ya uphunzitsi muli nayo kale m'manja ndipo mwina iwo ndi amene anakulipirirani fizi. Koma pa mfundo ya labu alakwitsa. Bwererani pa mayina amene ndatchula: Cooper, Bogoliubov, Haag, Dyson, Lieb, Thirring. Ntchito zawo zimene ndafotokozazi zinachitika ndi pepala ndi bolodi, helium sinalowepo. Mu 2012 Rupert Frank, Christian Hainzl, Robert Seiringer ndi Jan Philip Solovej anatsimikiza mwa masamu okhwima kuti ma equation a Ginzburg ndi Landau a mu 1950, ofotokoza khalidwe la ma superconductor, amatulukadi mu BCS pafupi ndi pamene chitsulo chimasinthira, zimene Lev Gor'kov anazionetsa mwa njira ya afizikisi mu 1959. Panadutsa zaka 53 pakati pa ziwirizi, ndipo chimene chinkasowa sichinali firiji. Nthambi iyi ya sayansi ndi imodzi mwa zochepa zimene munthu wa ku Namwera angalowemo popanda kudikira kuti wina amugulire makina, ndipo zimandiwawa kuti imeneyi ndi imene timathamangitsako ana athu ponena kuti si yathu.

Koma ndikanenso bodza la mbali inayo, chifukwa nalo ndalimva m'misonkhano. Musawalonjeze amalume kuti maphunziro anu adzathetsa kuzimazima kwa magetsi. Georg Bednorz ndi Alex Müller a ku labu ya IBM ku Zürich anapeza mu 1986 mankhwala a copper oxide amene amasintha pa madigiri pafupifupi 35 a Kelvin, chaka chotsatira mtundu wina wotchedwa YBCO unafika kupitirira 90, pamwamba pa nitrogen yamadzi imene imawira pa 77, ndipo mu 1993 mtundu wina wokhala ndi mercury unafika pa 133. Nambala yomalizayi ndi madigiri 140 pansi pa ziro pa sikelo ya Celsius, pamene ife kuno mu Okutobala timagona panja chifukwa cha kutentha. Hydrogen sulfide imene gulu la Mikhail Eremets ku Mainz linaifikitsa pa 203 mu 2015 inafunika kupanikizidwa kuposa mpweya wa padziko kuwirikiza koposa 1,000,000. Ndipo mu 2023, pamene mafoni athu anadzaza ndi nkhani ya LK-99 ya ku Korea yoti imagwira ntchito popanda kuziziritsa, ma labu ena atayesa anapeza kuti si superconductor. Magetsi athu adzadalirabe madzi a Shire amene amatuluka m'nyanja pano pa Mangochi kupita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira kwa nthawi yaitali. Chimene chili choona n'chakuti m'ma copper oxide aja awiri a Cooper ndi aafupi, nanomita imodzi kapena awiri, doko lake ndi laling'ono ndipo wogulitsa mmodzi amagwedeza mtengo, mean field imatsimphina, ndipo mpaka lero akatswiri sanagwirizane za chimene chimamanga awiriwo. Kumeneko kukufunika anthu a masamu. Munthu wa tayi uja ndikanamuyankha lero, ndikanamuuza kuti feteleza satsika, koma mwana amene waphunzira kuwerengera gulu limene sungalidule pakati angathenso kuwerengera msika, mliri, kapena mawaya a magetsi a dziko lonse, poti zonsezi zili ndi matenda omwewo.

Kompyuta nayo isakuopseni kapena kukunyengani. Timaginito ta quantum 30, timene timatchedwa ma spin, timafuna manambala 2 wokwezedwa pa pawa ya 30, omwe ndi opitirira 1,000,000,000, ndipo kungowasunga kokha kumadya magigabaiti 16. Pa tizinthu 300 manambalawo amaposa maatomu a m'chilengedwe chonse chooneka, ndiye ngakhale amene ali ndi makina aakulu amakakamira pafupi ndi pamene inu mungakakamire. Koma pamene onse amvana mofanana, monga mu model ya Lipkin, Meshkov ndi Glick ya mu 1965, tizinthu 1,000 timangofuna matrix, tebulo la manambala, ya mizere 1,001, imene laputopu yakale ingaimalize batire lisanathe.

Pa zochita zenizeni, limbitsani linear algebra ndi analysis musanathamangire quantum mechanics, chifukwa kumeneko ndi kumene ambiri timagwera. Mapepala ambiri atsopano a nthambiyi ali pa webusaiti ya arXiv kwaulere, ndipo mapulogalamu a kompyuta a Python ndi QuTiP sagulidwa. Lemberani ku AIMS, sukulu ya masamu apamwamba ya mu Africa, imene inayamba ku Muizenberg ku South Africa mu 2003 ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, komanso ku pulogalamu ya diploma ya ICTP ku Trieste ku Italy, malo ofufuzira fizikisi ndi masamu amene Abdus Salam anakhazikitsa mu 1964 poganizira anthu ngati ife. Ntchito musaisiye kalata yokuitanani isanafike, ndipo amalume muwauze zimenezo poyamba.

Usiku uno tengani kakyuleta ya sukulu muyese mean field yakale kwambiri, imene ganizo lake linachokera kwa Pierre Weiss mu 1907, ndipo pa timaginito toloza mmwamba kapena pansi imati m = tanh(m/T), pamene m ndi avareji ya kumene timaginitoto tikuloza ndipo T ndi kutentha. Ikani T kukhala 0.5, yambani ndi m wa 0.5, ndipo yankho lililonse mulibwezeremo: mudzapeza 0.76, kenako 0.91, kenako 0.95, mpaka zidzaima pafupi ndi 0.958. Ikani T kukhala 2, mudzaona m akutsikira ku ziro. Ikani 0.9, muyenera kufika pa 0.525. Kenako yesani 0.99, muwerenge kuti mwadina batani kangati nambala isanakhazikike, ndipo mundilembere chiwerengerocho pamodzi ndi maganizo anu a chifukwa chimene chachedwetsa.